SAFUNSA ADADYA PHULA, NANGA SAMVETSERA ADADYA CHIYANI?

Mu Seputembala 1994 wailesi ya kanema ya BBC, ku Britain, idayamba kuonetsa pulogalamu yatsopano yocheza ndi alendo. Mwini pulogalamuyo, bambo wodzimva kwambiri dzina lake Alan Partridge, adalonjeza anthu kuti usiku umenewo acheza ndi Roger Moore, katswiri uja wa mafilimu a James Bond. Pulogalamu idayamba Moore asadafike. Idafika pakati, Moore akadali m'galimoto kunjira. Podzaza nthawi Partridge adakakamira kufunsa mafunso opanda mutu kwa mayi wina wamanyazi, wokwera mahatchi pa mipikisano, ndipo hatchi imene adailowetsa m'situdiyo idadzithandiza pomwepo makamera akuona. Nthawi idatha Moore osaponda pakhomo. Pa sabata yachisanu ndi chimodzi, imene idali yomaliza, Partridge adagwira mfuti yamakedzana imene mlendo wake adabwera nayo kudzaonetsa, n'kumuombera nayo mwangozi, mlendoyo n'kumwalira pulogalamu ili mkati.

Awerengi athu asade nkhawa, maliro padalibe. Alan Partridge si munthu weniweni. Ndi chigoba chimene amavala wanthabwala Steve Coogan, ndipo alendo aja adali azisudzo anzake. Pulogalamuyo, yotchedwa Knowing Me, Knowing You, dzina lobwereka ku nyimbo ya gulu la ABBA, idali sewero lonyogodola mapulogalamu enieni a macheza pamodzi ndi eni ake. Papita zaka zoposa 30 koma anthu akuionerabe, ndipo ku Britain muulutsi akalankhula zochititsa manyazi anthu amangoti wachita za Partridge. Tsamba lino labweretsa nkhaniyi chifukwa tikukhulupirira kuti masewero oterewa ndi othandiza, ndipo oyenera kuwaonera poyamba ndife amene timagwira maikolofoni. Chimene chimaseketsa m'masewerowa n'chimodzi: munthu amene adalembedwa ntchito yomvetsera, koma samvetsera.

Kuti nthabwalayi imveke bwino, tiyambe tafotokoza chimene ikunyogodola. Pulogalamu ya macheza imafanana pafupifupi kulikonse: mpando wa mwini pulogalamu, sofa ya alendo, gulu loimba pambali, ndi anthu okhala m'mipando oombera m'manja. Ku America mfumu ya ntchitoyi idali Johnny Carson, amene adayendetsa Tonight Show kwa zaka 30, kuchokera mu 1962 mpaka mu 1992. Ku Britain kudali Michael Parkinson, amene adayamba mu 1971, ndi Terry Wogan, amene kuyambira mu 1985 ankaoneka katatu pa sabata. Ku Brazil Jô Soares adayamba yake mu 1988. Woonera amaganiza kuti anthu angokumana pakhonde n'kuyamba kucheza, koma zambiri zimakhala zitakonzedwa kale. Mlendo wabwera kudzatsatsa buku, filimu kapena nyimbo yake. Antchito a pulogalamu adacheza naye kale n'kusankha nkhani zoti adzakambe. Mwini pulogalamu amaseka nthabwala imene akuidziwa kale. Ndi chinyengo chaching'ono chimene onse adagwirizana kusachitchula, ndipo chimayenda bwino ngati mwini pulogalamu ali ndi luso lodziiwala n'kusiyira mlendo bwalo. Anthabwala adaona kuti ukangochotsa luso limenelo, zina zonse n'kuzisiya m'malo mwake, denga lonse limagwa. Ku America adayesa kale zimenezi mu 1977 ndi Fernwood 2 Night, m'mene Martin Mull ndi Fred Willard ankayendetsa macheza pa wailesi ya kanema ya katauni kongopeka ka ku Ohio, akudziona ngati akatswiri a dziko lonse.

Partridge adabadwira pa wailesi ya mawu, ndipo n'chifukwa chake ife timamuzindikira msanga. Mu 1991 adatulukira mu On the Hour, sewero la pa Radio 4 lotsanzira nkhani za pa wailesi, lokonzedwa ndi Armando Iannucci, ngati mtolankhani wa zamasewera amene sadziwa kanthu za masewera koma pakamwa sipauma. Mu 1992 adampatsa macheza akeake pa wailesi yomweyo, kenaka n'kumusamutsira pa kanema. Coogan, Iannucci ndi Patrick Marber, amene ankalemba, sadapange chitsiru chovala zigamba. Adapanga muulutsi wodziwa maonekedwe onse a ntchito: mawu okoma, malonje, kulumikiza nkhani ina ndi inzake, kuthokoza oimba. Chimene alibe ndi khutu. Amafunsa funso, mlendo akamayankha iye maso ali papepala kufuna funso lotsatira. Mlendo akanena chanzeru chimene iye sakuchimva, amapsa mtima n'kuyamba kumukonza. Akakumana ndi munthu wotchuka kapena wandalama amanyambita mapazi. Akakumana ndi wamanyazi kapena wopanda dzina amamupondereza. Nkhani iliyonse, kaya ndi ya imfa kaya ndi ya ndale, amaikhotetsa kuti ikathere pa iye mwini ndi kwawo ku Norwich.

Olemba sadamusiye pamwamba. Pa pulogalamu ya Khirisimasi ya mu 1995 Partridge adamenya chibakera bwana wa BBC wa m'seweromo, amene adali ndi mphamvu yomupatsa kapena kumulanda ntchito, ndipo ntchito idathera pomwepo. Mu 1997, m'sewero lotsatira la I'm Alan Partridge, tikumupeza mkazi atamusiya, akugona m'hotela ya m'mbali mwa msewu, akuulutsa mawu mbandakucha pa wailesi ya m'chigawo, nthawi imene omvera ambiri ali m'tulo, uku akupembedza mabwana kuti amubwezere pa kanema. Apa kuseka kumasanganikirana ndi chisoni. Timazindikira kuti phokoso lonse lija lidali mantha: kuopa kuti pakhala chete, kuopa kuti mlendo aoneka wanzeru kuposa iye, kuopa kuti tsiku lina nyali yofiira ya m'situdiyo idzayakira wina. Munthu wamantha chotere sangamvetsere mnzake, chifukwa makutu ake ali kalikiliki kumvetsera mmene iye mwini akumvekera.

Mantha omwewo ndiwo mutu wa The Larry Sanders Show, imene idaonetsedwa pa HBO ku America kuchokera mu 1992 mpaka mu 1998. Mwini wake, Garry Shandling, ankaidziwa ntchitoyi mkati ndi kunja, pakuti adagwirizirapo mpando wa Carson kangapo, ndipo mu 1993, atapemphedwa kutenga pulogalamu yeniyeni imene David Letterman ankaisiya ku NBC, adakana n'kupitiriza yongopekayo. Nzeru ya seweroli idali kuonetsa mbali zonse ziwiri za chinsalu. Zochitika pamaso pa anthu ankazijambula ndi makamera a m'situdiyo, zowala ndi zosalala ngati pulogalamu yeniyeni. Zochitika kuseri ankazijambula ngati filimu. Pamaso pa anthu Larry ndi wansangala ndi wokonda alendo. Nthawi yotsatsa malonda ikangofika, iye ndi mlendo uja amasowa chokambirana. Kuseri kuli Hank Kingsley, womuthandiza wake, amene ntchito yake ndi kuseka nthabwala za bwana mtima uli wodzaza nsanje. Kulinso Artie, mkulu wokonza pulogalamu, amene tsiku lonse amanama mwaulemu kuti bwana asakhumudwe. Usiku Larry akafika kunyumba amaonera pulogalamu yake yomwe kuti aone ngati adaoneka bwino. Akatswiri enieni a mafilimu ndi nyimbo ankabwera m'seweroli ndi maina awo enieni, n'kulola kuonetsedwa odzikonda ndi aumbombo. Amene adagwirapo ntchito m'nyumba iliyonse youlutsira mawu, ngakhale yaing'ono ya zipinda ziwiri, amamudziwa Hank wake ndi Artie wake.

Pali njira inanso, yotembenuza nkhaniyi. Mu 1995 Caroline Aherne, mayi wa zaka 31, adavala tsitsi la imvi ndi magalasi n'kusanduka Mrs Merton, gogo wa kumpoto kwa England woyendetsa macheza pa BBC. Alendo ake adali anthu otchuka enieni, odziwa kuti akupita kwa wanthabwala, ndipo m'mipando munkakhala nkhalamba zenizeni. Gogoyu ankafunsa ndi nkhope yachifundo mafunso amene muulutsi weniweni sakadayerekeza kufunsa. Lodziwika kwambiri ndi limene adafunsa Debbie McGee, mkazi wa Paul Daniels, katswiri wa masewera a matsenga pa kanema amene ankaposa mkaziyo ndi zaka 20. Adamufunsa kuti kodi n'chiyani chidayamba kumukopa mwa mpondamatiki ameneyu. Funsolo lidadziyankha lokha. Ife kuno zotere sitizidabwa. Gogo amauza mdzukulu wake mawu amene bambo womubala sangamuuze, ndipo msuweni amakunyoza pagulu iwe n'kumaseka. Chigoba cha ukalamba chidampatsa Aherne chilolezo chomwecho. Ndipo amene adachita manyazi kwenikweni si mlendo ayi, koma aulutsi enieni aja amene amacheza ndi munthu wotchuka kakhumi osafunsa chimene dziko lonse likunong'onezana.

Sacha Baron Cohen adapita patsogolo, mwina mopitirira muyeso. Adavala chigoba cha Ali G, mnyamata wa m'tauni wodzitcha wozindikira koma mbuli yotheratu, n'kumakacheza ndi akuluakulu amene sankadziwa kuti ndi sewero. Mmodzi wa amene adagwa m'mbunayi ndi Boutros Boutros-Ghali, amene ife a ku Moçambique timamukumbukira chifukwa adali mlembi wamkulu wa bungwe la maiko onse la ONU pa nthawi ya ONUMOZ, ndipo adafika ku Maputo mu Okutobala 1993 kudzakankha ntchito ya mtendere. M'pulogalamu imene idaonetsedwa mu 2003, Ali G adamufunsa ngati Disneyland ndi membala wa ONU, mkuluyo n'kuyankha modekha kuti ayi, popeza si dziko loima palokha. Woonera amaseka, komanso amatolapo phunziro lakuti munthu wamkulu amapirira funso lopusa lililonse malinga pali kamera, pamene funso lanzeru ndilo limamuvuta. Koma pano tiikepo malire. Kupusitsa nduna kapena kazembe, amene ali ndi alangizi ndi maloya, ndi nkhani ina. Kupusitsa mlimi kapena mayi wogulitsa pamsika kuti dziko limuseke ndi nkhanza chabe, ndipo tsamba lino silingaombere m'manja zimenezo.

Nanga olamulira amazilandira bwanji nthabwala zotere? Yankho tilitenge ku Portugal, dziko limene mapulogalamu ake akhala akufika kuno kudzera pa RTP África kuyambira mu 1998. Herman José adatchuka kwambiri mu 1983 ndi O Tal Canal, sewero lotsanzira wailesi ya kanema yonse yathunthu, ndi aulutsi ake, wophika wake, ndi wofotokoza mpira wake José Estebes. Ankanyogodola wailesi ya kanema ali m'nyumba ya RTP yomweyo, ndipo anthu adakonda. Koma mu 1988 pulogalamu yake ina, Humor de Perdição, idaimitsidwa ndi akuluakulu a wailesiyo. Chifukwa chake chidali chigawo cha macheza ongopeka ndi anthu otchuka a m'mbiri ya Portugal, ndipo nkhwangwa idagwa itafika nthawi ya Mfumukazi Isabel, amene Akatolika amamulemekeza ngati woyera. Izi zidachitika patapita zaka 14 chigwere ulamuliro wopondereza pa 25 Epulo 1974. Tikuphunzirapo kuti kuchotsa ofesi yofufuta nkhani m'malamulo n'kosavuta kusiyana ndi kuichotsa m'mitima ya mabwana. Herman José adabwerera pa kanema, ndipo pambuyo pake iye mwini adadzayendetsa macheza enieni kwa zaka zambiri. Amene adamuimitsa ndiwo mbiri ikuwakumbukira ndi manyazi.

Kwathu kuno kuseka munthu pofuna kumukonza si kwachilendo. Pabwalo la gule wamkulu, ku Angónia, ku Macanga kapena ku Chifunde, pali zilombo zimene zimatsanzira woledzera, wadama ndi wonyada, ndipo wolakwa amadzimva yekha osatchulidwa dzina. Achikulire akukumbukiranso Xiconhoca, munthu wojambulidwa uja wa m'zaka zoyambirira za ufulu, amene ankaimira waulesi, wakandonga ndi wakatangale wa mu ofesi. Koma Xiconhoca adajambulidwa ndi chipani cholamula, ndipo chala chake chinkachokera pamwamba kuloza pansi. M'masewero amene tikukambawa chala chimaloza kwina. Chimaloza amene wagwira maikolofoni ndi wamkulu amene wakhala pasofa. Kuseka kwa mtundu umenewu ndiko kumene sitikumva kawirikawiri pa mawailesi a m'chigawo chathu, ngakhale kuti chosekedwacho chilipo chambiri.

Wolemba ndemanga ino sangaseke Partridge ngati munthu wosalakwa, pakuti kutero n'kukhala anyani osekana zikundu. Chaka choyamba pa ntchito ya wailesi adatumidwa kumsika wina wa ku Angónia ndi kachipangizo kojambulira mawu ndi pepala la mafunso asanu okhudza mtengo wa mbatata ya kachewere. Adafunsa mayi wina chifukwa chake ankagulitsa thumba motchipa chotero. Mayiyo adayankha motsitsa mawu kuti akufuna ndalama tsiku lomwelo, chifukwa mwana wawo wagona masiku atatu ndipo ulendo wa kuchipatala sungadikire kuti mtengo ukwere. Mtolankhani uja adati zikomo kwambiri amayi, n'kufunsa funso lachitatu, la feteleza. Mawu a mayiyo adadzawamva madzulo, ali m'situdiyo akudula zojambulazo. Mkulu amene ankamuphunzitsa ntchito adabweza malo amenewo kawiri osanena kanthu, kenaka n'kufunsa kuti mwanayo ali bwanji. Yankho padalibe, ndipo ngakhale dzina la mudzi wa mayiyo silidalembedwe. Nkhani yeniyeni ya tsikulo, ya alimi ogulitsa mokakamizika chifukwa cha matenda ndi kutalika kwa mtunda, idadutsa pa maikolofoni n'kupita. Hatchi padalibe, mfuti padalibe, koma nthenda idali yomweyo ya Partridge.

Ndipo nthendayi tonse tidaimvapo pa wailesi. Pali muulutsi amene malonje ake amatenga mphindi zisanu, kutchula maudindo onse a mlendo kuyambira akusukulu mpaka a kutchalitchi. Pali amene funso lake ndi lalitali kuposa yankho, kotero kuti mlendo amangoti inde, n'zoona. Pali amene amathira Chipwitikizi m'chiganizo chilichonse pofuna kuoneka wophunzira, pamene mlendo ndi omvera onse akumva chilankhulo chathu. Adiministradori kapena shefi wina akalowa m'situdiyo, funso limakhala lakuti, bwana, muli ndi uthenga wanji kwa anthu? Za mlatho wosamalizidwa, za mankhwala osowa, za malipiro ochedwa a aphunzitsi, palibe chofunsidwa. Bwanayo akayankha zina zosagwirizana ndi funso, muulutsi amathokoza n'kupita patsogolo. Koma mlimi akaimba foni ndi mayunitsi ake ochepa n'kuyamba kufotokoza mmene ogula fodya kapena soya adamudyera masuku pamutu, pomwepo nthawi imakhala yatithera. Masiku ano, pamene aliyense wokhala ndi foni angathe kutsegula macheza ake pa Facebook kapena pa YouTube, a Partridge achuluka kuposa kale, ndipo ambiri alibe mkulu woti awabwezere zojambula kawiri.

Tisaweruze mopanda chilungamo. Muulutsi wa wailesi ya m'dera amalandira zochepa, ndipo ena salandira kanthu. Nthawi zina galimoto imene imamutengera kumudzi ndi ya bwana yemweyo amene akukamufunsa mafunso, ndipo madzulo amayenera kubwerera nayo. Malamulo aakulu a dziko a mu 1990 ndi lamulo la atolankhani la mu 1991 adalemba ufulu wa nkhani papepala, koma tonse tikudziwa kuti Carlos Cardoso adaphedwa ku Maputo pa 22 Novembala 2000 akufufuza za ndalama zobedwa ku Banco Comercial de Moçambique. Mantha a mtolankhani wa kuno si ofanana ndi mantha a Larry Sanders, amene ankangoopa kuti oonera achepa. Sitikupempha muulutsi aliyense kuti akhale Cardoso. Koma pakati pa kulimba mtima kwa Cardoso ndi kunyambita kwa Partridge pali munda waukulu wosalimidwa. Kumvetsera yankho mpaka lithe, n'kufunsa mwaulemu kuti, bwana, mwati ntchito iyamba posachedwa, posachedwa pake ndi mwezi uti, sikufuna ngwazi. Kukufuna khutu ndi kukonzekera basi.

Ena anena kuti masewero onyogodola amachotsa ulemu, ndipo ana akazolowera kuseka akuluakulu pa kanema adzasekanso makolo awo kunyumba. Dandauloli tikulimva, ndipo si lachabe. Pali nthabwala zimene ndi zotukwana chabe, zonyoza chilema cha munthu, mtundu wake kapena umphawi wake, ndipo zimenezo sizikonza aliyense. Koma tifunse kuti ulemu weniweni uli pati. Kodi muulutsi amene amadula mawu nkhalamba ya kumudzi n'kupatsa bwana mphindi makumi atatu zodzitama ali ndi ulemu? Iye akulemekeza mpando, osati munthu. Sewero limene limaonetsa khalidwe limenelo poyera kuti anthu aliseke likubwezera ulemu kwa amene adalandidwa. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Wanthabwala wabwino ndi mnansi wotere, ndipo kutsina kwake kumapweteka pang'ono kusiyana ndi tsiku limene omvera adzangozimitsa wailesi osatsanzika.

Pali chenjezo lina limene sitingalisiye. Olamulira anzeru adaphunzira kale kuti kusekedwa mogwirizana kumagula chikondi cha anthu pamtengo wotsika. Mu Malichi 2014 Barack Obama, ali pulezidenti wa America, adakhala mlendo pa Between Two Ferns, macheza a pa intaneti m'mene Zach Galifianakis amadzionetsa ngati wofunsa wamwano ndi wosakonzekera. Adanyozana mwanthabwala kwa mphindi zingapo, kenaka pulezidentiyo n'kunena chimene adabwerera, kulimbikitsa achinyamata kuti alembetse inshulansi ya zaumoyo. Cholinga mwina chidali chabwino, koma sewero lonyogodola macheza otsatsa malonda lidasanduka lokha malo otsatsira. Choncho muyeso wathu ukhale uwu: titatha kuseka, kodi tadziwa chinthu chimene wamkuluyo kapena muulutsiyo sadafune kuti tidziwe? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti tangoonera sofa ina yopakidwa utoto watsopano.

Tsono pempho lathu likupita kwa anthu a magulu anayi. Kwa oyendetsa mawailesi a m'chigawo ndi a m'madera tikuti, patsani malo achinyamata a zisudzo amene ali m'masukulu ndi m'mipingo kuti atsanzire aulutsi anu omwe. Partridge adayambira pa wailesi ya mawu, popanda kamera ndi zovala zodula. Zofunika ndi maikolofoni, pepala lolembedwa bwino ndi bwana wosachedwa kupsa mtima. Kwa azisudzo tikuti, phunzirani kwa Coogan ndi anzake kuti kutsanzira kumafuna kuyang'anitsitsa. Musathamangire zigamba ndi kukuwa. Mvetserani wailesi sabata yathunthu, lembani mawu amene aulutsi amabwereza, ndipo chala chanu chiziloza wamphamvu, osati wofooka. Kwa akuluakulu a boma ndi a zipani tikuti, kumbukirani mabwana aja a ku Lisboa a mu 1988. Mtsogoleri amene sangapirire nthabwala ya mphindi zisanu akuuza anthu ake kuti ali ndi chobisa.

Kwa anzathu ogwira maikolofoni, amene ndife amodzi, tikuti tisadikire wanthabwala kuti atigwire. Aliyense atenge pulogalamu yake ya sabata yatha aimvetsere yekha, wotchi ili m'manja. Awerenge mphindi zimene adalankhula iye ndi zimene adalankhula mlendo. Awerenge mafunso amene adachokera papepala ndi amene adachokera m'yankho la mlendo. Aone amene adamudula mawu ndi amene adamusiya kulankhula mpaka kutopa, kenaka adzifunse ngati kusiyanako kudali kwa nzeru za anthuwo kapena kwa nsapato zimene adavala. Makolo adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma mwininyumba amene amalankhula yekha usiku wonse kalumoko sadzakaona. Safunsa adadya phula yekha. Samvetsera amene wagwira maikolofoni amadyetsa phula chigawo chonse.